Dzimbiri pa Zovala Ziwiri

"Ndiye ukundiuza kuti dzimbiri ili linamera mapiko, n'kuuluka, n'kudzatera pa malaya ako ndi pa kachovala ka mayi uja tsiku limodzi?"

"Sindinati linauluka, Vânia. Ndati ndi ntchito."

"Ntchito yovula?"

"Tsitsa mawu, alendo ali pakhonde."

"Amve! Nawonso ali ndi maso."

Vânia anali ataima pakati pa zingwe zoyanikira, kuseri kwa pensau, nyumba yogona alendo ya a Francisco, manja onse ali m'mwamba ngati wogulitsa zovala pamsika. Kudzanja lamanja kunali malaya oyera a Celso, mnyamata wosamalira maluwa ndi pisina, dziwe losambiramo, yemwe kuyambira dzinja lathalo ankamukweza panjinga tsiku lililonse akaweruka. Kudzanja lamanzere anatsina ndi zala ziwiri kachovala kosambirira ka Sílvia, enferimera, kapena kuti namwino, wochokera ku Beira amene ankagwira ntchito kuchipatala cha pabomapo ndipo ankagona m'chipinda chakumapeto. Zovala ziwirizi zinabwera m'dengu limodzi la zochapa, ndipo zonse zinali ndi mawanga amtundu umodzi, ofiirira ngati msomali wogona pamvula.

M'Chifunde monse, madzi odetsa nsalu mwa mtundu umenewo anali amodzi okha: a m'pisina imene a Francisco anaitseka kuti mlendo aliyense asalowemo.

"Tinalowa kukwecha makoma," anatero Celso akuyang'ana zala zake zakuphazi. "Ine kosaya, iye kozama. Ukudziwa kuti sinditha kusambira. Ukufuna ndimire?"

"Ndiye anakugwira kuti usamire?"

Celso anatembenuka. Ananyamula ndowa yake n'kulowera kumaluwa. Akanangonena bodza, mwina mtima wa Vânia ukanapeza pogwira. Koma kukhala chete kuja kunamulowa ngati minga ya m'chidendene, yosaoneka koma yokumbutsa paliponse waponda.

Pisinayo inabwera ndi fodya. A Francisco atagulitsa bwino zaka zingapo zotsatizana, anakagona ku hotela ina ku Tete, n'kuona anthu akusambira m'madzi obiriwira pakati pa nyumba. Anabwerera ali ndi malungo a chinthucho. Anakumbitsa dzenje kuseri kwa pensau, n'kuliyala timatabwa ta dongo tosalala, tamtundu wa thambo. Anthu ankapalasa njinga kuchokera ku Mualadzi kudzasuzumira pampanda, akufunsana kuti chitsime chanji chopanda wotunga.

Tsiku limene makina anapopa madzi a mumjigo n'kudzaza dzenjelo, Vânia anasiya zochapa zili m'beseni. Madzi anali mbee, ngati kuti wina wadula chidutswa cha kumwamba n'kuchigoneka pansi. Anaima m'mphepete nthawi yaitali. M'mutu mwake anali atakhala kale pamenepo ndi Celso, miyendo ili m'madzi, dzuwa likupendeka, mnyamatayo akunena mawu aja amene ankangowazungulira ngati mbuzi pachikhomo. Maloto ake anali ofulumira chotero: asanakwinye nsalu imodzi anali atavala kale choyera, achibale akuimba nthungululu.

Madzulo ake Celso anathiramo kuloro, mankhwala ophera tizilombo m'madzi, monga anauzidwira. Kutacha, thambo lija linali litasanduka tiyi.

"Wonjezera!" analamula a Francisco. "Nthawi ya kolera tinkathira kuloro m'mitsuko madzi n'kukhala abwino. Ameneyu wachepa."

Celso anawonjezera. Tiyi anasanduka thobwa. Anawonjezeranso, ndipo mzere wofiira unazungulira makoma onse ngati mkanda. Azakhali awo a a Francisco anati pali munthu waponda pamalopo ndi mtima woipa, ndipo anakathira ufa patsinde pa mtengo wa kuseri. Wogulitsa tomato pageti anangoseka, n'kuti walira mvula walira matope.

Ndi pamene Sílvia analowerera. Mchimwene wake ankasamalira mapisina ku Beira, ndipo atamuimbira foni, anatuluka ndi matambula awiri. Anatunga madzi a pamjigo m'matambula onsewo, oyera ngati misozi. M'limodzi anadonthezamo kuloro. Anthu akuyang'ana, madziwo anayamba chikasu, kenako kufiira, pomwe enawo anali chiyerere.

"Chitsulo," anatero m'Chinyanja chake chodumphadumpha chimene anaphunzirira pa odwala. "Chili m'madzi kale, chasungunuka, sichioneka. Chimachokera pansi pa nthaka. Kuloro akachipeza, chimapsa, chimakhala dzimbiri. Mukathira wambiri, dzimbiri lambiri."

"Chikomekome cha mkuyu," anadandaula a Francisco akukanda m'mutu, "m'kati muli nyerere."

Aliyense ankayang'ana tambula. Vânia yekha ankayang'ana Celso, ndipo Celso ankayang'ana zala zazitali zimene zinagwira tambulalo. Nkhope yake inali yotseguka ngati ya mwana woona ndege koyamba. Nkhope imeneyo Vânia ankaiyesa yake.

Kuyambira pamenepo, Sílvia akaweruka kuchipatala ankalunjika kupisina. Ankalankhula Chiputukezi chothamanga cha kunyanja yamchere, ndipo Celso, amene ku Chifunde ankadziwika kuti ndi wamanyazi, ankayankha mpaka kuseka. Vânia Chiputukezi anachiphunzira kusukulu, koma cha anthu awiriwa chinkamudutsa ngati mota pamsewu wafumbi: ankangotola mawu amodziamodzi, otsalawo n'kumadzazamo yekha. Ndipo zimene ankadzazamo, abale, sizinali za chitsulo.

Tsiku la mkanganolo, Celso atachoka, Vânia anatsala ndi zovala ziwiri zija. Malaya a Celso anawafinyira mandimu, n'kuwaza mchere, n'kuwayala padzuwa, monga ankachitira amayi ake ndi nsalu yogwidwa ndi waya. Mawanga anafwifwa mpaka kutha. Kenako anayang'ana kachovala kaja. Phunziro la matambula analimva bwino lomwe. Anatenga botolo la mankhwala oyeretsera nsalu, aja onunkha ngati kuloro, n'kuthira mosaumira. Dzimbiri linakhwima, n'kulowerera mu ulusi, kachovala n'kukhala ngati kapukutira mphika.

Anakapinda bwinobwino n'kukapereka yekha, akuyembekezera mkwiyo. Ankaufuna mkwiyowo. Anali atakonza kale mayankho atatu.

Sílvia anakatambasula, n'kuphulika kuseka. "Ayi, mana, achemwali anga, musadandaule! Tsopano ndi yunifomu ya ntchito. Zikomo, mwavutika."

Palibe chowawa ngati kuponya mwala n'kumva kuti wagwera pa thonje.

Mankhwala odikhitsa madzi anafika kuchokera ku Tete pagalimoto ya a Francisco: ufa woyera m'thumba. Sílvia anafotokoza kuti ufawo umasonkhanitsa tinthu ta dzimbiri tomwe tikuyandama, n'kutimata pamodzi mpaka titalemera n'kugwa pansi. Koma pamafunika bata. Makina azimitsidwe. Pasalowe munthu, pasagwe ngakhale mwala. Zikadikha, matopewo akokedwe ndi mangera, paipi yothirira maluwa, n'kuwatayira kunja. Madzi owonjezera aziyamba agona m'thanki, n'kudutsa mumchenga, asanalowe m'pisina. A Francisco anali ataitana kale anthu kuti Loweruka kudzakhala phwando lotsegulira, ndipo anauza Celso poyera kuti madziwo akadzawachititsa manyazi, adzafune munda wolima.

Celso anamanga chingwe kuzungulira pisina. Ankathamangitsa nkhuku. Ankawakha masamba asanatere. Poweruka, m'malo motulutsa njinga, ankakhala pampando n'kumayang'ana madzi.

"Tiye, dzuwa likulowa," anatero Vânia.

"Tsogola. Ndikufuna ndione ngati ayamba kutsika."

"Ukawayang'ana ndiye atsika msanga?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono yake ndikuidziwa. Imavala zoyera, imabaya jakisoni."

"Vânia, iwe..."

Vânia anapita wapansi. Njira yonse ankawerengera m'mutu ngati mayeso opanda yankho. Madzi akakana kuyera, Sílvia azibwerabe madzulo alionse kudzathandiza. Madzi akayera, Sílvia azisambira madzulo alionse, tsitsi lonyowa, mapewa pamtunda, ndipo woyang'anira pisina ndani? Kumanja moto, kumanzere moto. Anatola mwala panjira, n'kuganiza za phokoso limene ungachite utagwa pakati pa madzi odikhawo. Anauyenda nawo mpaka pafupi ndi kwawo, kenako n'kuugenda pachulu.

Lachisanu masana, akubwera ndi dengu la nsalu zakama, anaima chilili. Thambo lija linali litabwerera. Madzi anali oyera kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndipo pansipo panagona bulangete lofiira, lofewa, losagwedezeka. Zinali zokongola moti anaiwala kupuma.

Kenako anawaona.

Anali ataima m'mphepete, mbali yozama. Mangera anali atamangiriridwa kunsonga ya nsungwi yaitali, kukamwa kwake kukuyenda pansi pa madzi n'kumameza matope, mchira wake ukulavula zofiira kunthochi zakumunsi. Nsungwiyo inali imodzi. Manja anali anayi. Sílvia anaima kumbuyo pang'ono, dzanja lake lili pamwamba pa dzanja la Celso, akumuwongolera.

"Pang'ono, pang'ono," ankatero motsitsa. "Ukafulumira, lidzuka."

Kumene mangera wadutsa kunkatsala kanjira kobiriwira. Celso anatembenuka n'kumwetulira, nkhope zawo zili pafupi moti mpweya wa wina ukanatha kugwedeza nsidze za mnzake.

Dengu linagwa. Vânia sanamve kugwa kwake.

"Ndipatseni," anatero. "Ndigwira ine."

"Vânia, ima uko, usadutse chingwe," Celso anayankha osachotsa maso pamadzi. "Tatsala pang'ono."

Usadutse chingwe. Iye kunja kwa chingwe pamodzi ndi nkhuku, iwo m'kati. Ngati kumtunda kwa nsungwi kunalibe malo a manja ake, kunsonga kwake analipo. Anadumpha chingwecho, n'kuvula patapata, n'kutsika masitepe a mbali yosaya atavala kapulana yake, chitenje cha m'chiuno.

"Mana, ayi!" anakuwa Sílvia.

Madzi anamulandira mozizira, m'mawondo, m'chiuno, pamimba. Kwa kamphindi kakang'ono anamva kukoma kumene ankakulota, thupi kupepuka, kapulana kuyandama momuzungulira ngati duwa la dzungu. Atayang'ana pansi anaona utsi wofiira ukufuka kuchokera kumapazi ake. Phazi lililonse limene ankaponda linkadzutsa mtambo, ndipo mitamboyo inkakumana, n'kukwera, n'kumeza kubiriwira kuja. Anadziwa chimene akuchita. Anapitabe, dzanja litatambasukira kunsungwi.

Chimene sankadziwa n'chakuti pansi pa pisina pamatsetsereka, ndipo matope a dzimbiri ndi oterera ngati therere. Phazi linachoka. Linzake linatsatira. Dziko lonse linasanduka lofiira ndi lachete, madzi olawa msomali akulowa m'mphuno ndi m'kamwa. Anamva chinthu cholemera chikugwera pafupi naye, manja akumukwapula kumaso, bondo likumugunda m'nthiti. Kenako chinthu china chinalowa mwakachetechete ngati nsomba, dzanja lolimba n'kumugwira kumbuyo kwa khosi.

Anatulukira pamasitepe akutsokomola. Sílvia anamusiya pomwepo, n'kubwereranso pakati, kumene munthu wina ankamenya madzi ngati nkhuku yogwera m'chitsime. Anamukoka ndi kolala mpaka kosaya. Anali Celso.

Anakhala atatu m'mphepete, madzi ofiira akuchucha m'zovala. Nsungwi inkayandama yokha. Pisina yonse inali itabwerera kukhala thobwa, kuchokera kukhoma mpaka kukhoma.

"Tsokomolani, mayi. Lavulani. Pumani bwino," ankatero Sílvia akumusisita Vânia pamsana, ndi mawu ake a kuchipatala. Atatsimikiza kuti akupuma, anatembenukira Celso, maso ali psuu. "Ndipo iwe! Mutu uli bwino? Munthu sudziwa kusambira, ukudumpha kozama? Ndinali ndi wodwala mmodzi, wandipatsa awiri!"

Celso anangolavula madzi, akunjenjemera.

"Wadumpha osavula ngakhale nsapato," anapitiriza Sílvia, mkwiyo ukusanduka kudabwa. Anayang'ana mnyamatayo, n'kuyang'ana mtsikanayo. "Kodi ndi mlongo wako?"

Funsolo linagwa pakati pawo ngati mwala uja Vânia sanauponye.

Vânia anasiya kutsokomola. Anayang'anitsitsa nkhope ya Sílvia kufuna kupezamo chipongwe, koma munalibe. Mayiyo ankafunsa zoona. Madzulo onse aja, kuseka konse kuja, Chiputukezi chonse chothamanga chija, ndipo dzina lake silinatchulidwemo ngati la munthu wa Celso. Iye ankagona ndi mayiyu m'mutu, kudzuka naye, kumuwonongera chovala, pomwe mayiyo ankangomudziwa ngati mtsikana waulemu wochapa nsalu. Ankalimbana ndi munthu amene sankadziwa n'komwe kuti pali nkhondo.

"Si mlongo wanga," anatero Celso motsitsa.

"Nanga?"

Celso anafinya m'munsi mwa malaya ake. Madzi anadontha pasimenti. Anafinyanso, ngakhale munalibenso chofinya.

Sílvia anawayang'ana onse awiri kachiwiri, ndipo china chake chinatseguka pankhope pake. Anagwira pakamwa. "Aa," anatero. Anaimirira, n'kukunga tsitsi lake. "Ine ndikukasintha. Madzi musawakhudze. Ufa ukadali momwemo, adikhanso okha. Koma phwando la mawa laphonyeka, a Francisco muwauze nokha." Anayenda masitepe angapo n'kuima pafupi ndi maluwa, akuvula nsapato zonyowa mosafulumira.

"Waona chimene wachita?" anatero Celso. "Ntchito ya sabata yonse. Akabwera a Francisco ndiwauza chiyani?"

"Uwauze kuti wochapa wagweramo. Ndi dzina langa limenelo, si choncho?"

"Usayambe."

"Sunamuuze."

"Sanafunse."

"Ayenera kufunsa? Munthu akagula njinga yatsopano amadikira kuti afunsidwe? Amaliza belu msewu wonse!"

"Ndadumphira m'madzi chifukwa cha iwe! Ndikanafa!"

"Ndaona. Unandimenyanso bondo m'nthiti."

Celso anafuna kuseka, koma nkhope ya Vânia inamuletsa. Anaweramitsa mutu. "Amandilankhula ngati ndine munthu wodziwa zinthu," anatero pamapeto pake. "Palibe anandifunsapo maganizo anga pa chilichonse. Zinkandikomera. Ndi zokhazo, ndikulumbira. Ndinkaopa kuti ndikayamba za kwathu, za chibwenzi, ndibwerera kukhala mnyamata wothirira maluwa."

"Ndiye ine ndine za kwanu. Zobisa kuseri ngati mphika wakuda alendo akabwera."

"Sindinatero."

"Sunatero. Iwe sunena kanthu, Celso. Ndiwo matenda ako. Kufa ukutha, koma kunena sukutha."

Mphepo inadutsa pamwamba pa pisina, koma madziwo sanaonetse thambo kapena nthochi, kapena anthu awiri okhala m'mphepete mwake. M'mbalimbali mokha, pafupi ndi masitepe, ndi momwe kufiira kunayamba kulekana pang'ono, timadontho tikusakana, tikugwirana, tikutsika.

Celso anatambasula dzanja n'kuchotsa kachidutswa ka dzimbiri patsaya la Vânia. "Chabwino. Ndimuuza asiye kubwera kuno. Ndimaliza ndekha."

"Ungamalize chiyani wekha, iwe womira m'beseni? Abwere. Asambire mpaka amere zipsepse. Wanditulutsa m'madzi, ndilibe naye mlandu."

"Nanga tsono?"

Vânia anayang'ana kumaluwa. Sílvia anali akadali pomwepo, nsapato m'manja, akuyang'anitsitsa duwa limodzi ngati kuti lili ndi malungo.  Mawu amene Vânia anawasunga kuyambira dzinja, amene ankayembekezera kuti atuluke m'kamwa mwa wina, anaona kuti akapanda kuwakankha yekha adzakalamba nawo.

Anagwira dzanja la Celso, lozizira, lonunkha chitsulo, n'kuliika pabondo pake poyera.

"Uyo ali apoyo, sanapite," anatero. "Muitane. Umuuze kuti ndine ndani wako. Osati m'Chiputukezi chanu chothamangacho ayi. M'Chinyanja, pang'onopang'ono, ndimve nanenso."